Luso Loimitsa Mng'alu

Pa deki ya sitima yaikulu yonyamula katundu pamakhala makomo otakata otsitsirapo ndi kukwezerapo katunduyo. Khomo lililonse lili ndi mbali zinayi, koma mukafika pa ngodya mudzapeza kuti si yosongoka. Imakhota mwaulesi, ndipo kukhotako si kwachisawawa: wojambula mapulani anachita kukuwerengera, nthawi zina n'kukutalikitsa cha kumene kwaloza mutu wa sitima kusiyana ndi cham'mbali. Chitsulo cha pamenepo chimakhala chochindikala kuposa choyandikana nacho. M'mphepete mwake amapalamo mpaka chala chiziterereka, ndipo wowotcherera saloledwa kumatapo kanthu, ngakhale kachitsulo kokolekapo waya wa magetsi. Amalinyero amapondapo tsiku ndi tsiku osalabadira. Koma ine nditafuna kuonetsa munthu pamene nzeru za omanga sitima zafika, sindingapite naye ku injini. Ndingamuimike pa ngodya imeneyi.

Tiyambe ndi zimene nyanja imachita ndi sitima. Funde lalitali likakhala pakati pa sitimayo, mutu ndi mchira zimalendewera ndipo msana umapindikira m'mwamba. Apo deki imakokeka, pansi pamapanikizika. Fundelo likadutsa, mutu ndi mchira n'kukwera pa mafunde awiri pakati patatsala chigwa, zinthu zimatembenuka: deki imapanikizika, pansi pamakokeka. Pakangopita masekondi ochepa zabwerezanso, usana ndi usiku. Pa zaka 25 zimene sitima imayembekezeka kugwira ntchito, akatswiri amawerengera kupindika kotereku pafupifupi ka 100 miliyoni.

Mphamvu yokoka ija imayenda m'chitsulo cha deki kuchoka kumutu kunka kumchira. Ikapeza khomo njira yatsekeka, ndiye imapatuka n'kukaunjikana m'mbali. Mu 1913, Charles Inglis wa ku Cambridge anapereka masamu a nkhaniyi ku bungwe la akatswiri omanga sitima la Institution of Naval Architects. Chibowo chobulungira bwinobwino chimachulukitsa mphamvuyo katatu m'mphepete mwake. Chikamasongoka, chiwerengero chimakwera, kakhumi, kamakumi angapo, mpaka pa nsonga ya mng'alu pamene chitsulo chilichonse chimagonja. Wogulitsa nsalu pamsika amalidziwa lamuloli ngakhale dzina la Inglis sanalimvepo. Nsalu yathunthu anthu awiri akhoza kuikoka osang'ambika, koma iye amangodula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, n'kukoka, kwee! mpaka tsidya linalo. Mng'ambowo umaima pokhapokha ukakumana ndi mpendero.

Masamu a Inglis anakhala m'mabuku zaka 30 omanga sitima osavutika nawo kwenikweni, chifukwa sitima za nthawiyo zinali ndi mipendero yake mosadziwa. Ankazimanga ndi mapuleti achitsulo osanjikizana m'mphepete, olumikizidwa ndi mariveti. Mng'alu unkayamba ndithu, koma ukafika pothera puleti unkasowa polowera, n'kuima. Sitima inkafika padoko ikudontha, amisiri n'kusintha chitsulo chong'alukacho.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inathetsa mtendere umenewu. Dziko la America linafuna sitima zambiri mwachangu kuposa mmene sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi za ku Germany zinkazimizira, ndipo kuwotcherera kunali kwachangu kuposa kukhoma mariveti. Pakati pa 1941 ndi 1945 anamanga sitima 2,710 za mtundu wa Liberty, iliyonse yotalika mamita pafupifupi 135. Imodzi, Robert E. Peary, anaitsitsira m'madzi ku Richmond, California, patangopita masiku anayi ndi maola 15 chiyalireni chitsulo choyamba. Anthu ambiri amene ankawotcherera anali asanagwirepo ntchitoyo nkhondo isanayambe, ndipo ena mwa iwo anali amayi. Sindinganyoze ntchito yawo. Katundu amene sitimazi zinawolotsa ndiye anachirikiza nkhondo yonse. Koma sitima yowotcherera ndi chitsulo chimodzi kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mpendero mulibe.

Pa 16 January 1943, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inali itangomalizidwa kumene, ili chikhalire padoko la Swan Island ku Portland, Oregon. Kunalibe mphepo, kunalibe funde, kunkangozizira. Usiku umenewo kunamveka phokoso lalikulu, ndipo anthu atathamangirako anapeza sitimayo itathyoka pakati, mng'alu utadutsa deki n'kutsika mbali zonse ziwiri, kutangotsala chitsulo cha pansi penipeni. Mu November chaka chomwecho, John P. Gaines, ya mtundu wa Liberty, inaduka pawiri m'nyanja yozizira ya kufupi ndi Alaska, ndipo anthu khumi anafa. Pamapeto pake ming'alu yoopsa imene inalembedwa pa sitima zowotcherera za m'nthawi ya nkhondoyo inayandikira 1,500, ndipo yambiri inayambira pa ngodya za makomo a katundu, zomwe zinali zosongoka pofuna kufulumira.

Mlandu unagwera owotcherera, monga zimakhalira nthawi zonse kuti wamng'ono ndiye wolakwa. Amene anawapulumutsa ndi mayi wina wa ku Cambridge, Constance Tipper, katswiri wa zitsulo amene anali atatha zaka zambiri akufufuza mmene timibulu ta m'kati mwa chitsulo timasunthira chikamakokedwa. Anatenga zidutswa za sitima zothyokazo n'kuyang'ana pamene zinathyokerapo. Chitsulo chabwino chikamaduka chimayamba chatamuka, n'kuonda, ndipo pothyokapo pamakhala pothimbirira. Izi zinali zitaduka osatamuka n'komwe, pothyokapo pakunyezimira. Tipper anaonetsa kuti chitsulo chimodzimodzicho chili ndi makhalidwe awiri: kukafunda chimapindika n'kupirira, koma kukazizira kupitirira malire ena chimasweka mwadzidzidzi, ndipo mng'alu umathamanga mamita mazanamazana pa sekondi imodzi. Malire a chitsulo cha sitimazo anali pamwamba kwambiri, moti kuzizira wamba kwa nyanja ya North Atlantic kunali kokwanira. Msoko woipa kapena ngodya yosongoka zinkangoyambitsa. Chimene chinkalola mng'alu kuyenda chinali chitsulo chenichenicho.

Chimene chimandisangalatsa ndi mankhwala amene mainjiniya anapeza nkhondo ili m'kati, alibe nthawi yosintha chitsulo cha dziko lonse. Ngodya anazikhotetsa n'kuzilimbitsa. Kenako anachita chinthu chooneka ngati misala: anadula dala deki ya sitima yabwinobwino motsata utali wake, n'kuphimba podulapo ndi lamba wachitsulo wokhomedwa ndi mariveti. Anavomereza kuti mng'alu udzayamba, ndipo m'malo molumbira kuti sudzayamba, anaukonzera poimira. Kudzichepetsa kumeneku ndiko chiyambi cha luso lonse limene linatsatira.

Nkhondo itatha, zina zinayenda mwandondomeko. Mu 1946 ku America anakhazikitsa Ship Structure Committee yoyang'anira kafukufuku wa mtunduwu. Opanga chitsulo anawonjezera manganese n'kuchepetsa carbon, timibulu n'kukhala tating'ono. George Irwin wa ku Naval Research Laboratory anapeza njira yowerengera utali umene mng'alu ungafike usanathawe. Ndipo kuyesa kwa Charpy kunakhala lamulo. Amatenga kachitsulo kotalika mamilimita 55, n'kukacheka pang'ono pakati, n'kukaziziritsa, kenako nyundo yolendewera imakamenya kamodzi. Nyundo ikapitirira kutali, ndiye kuti kachitsuloko kanaduka mosavuta. Ikafooka, ndiye kuti kanalimbana nayo. Lero chitsulo cha sitima chili ndi magiredi: cha D amachiyesa pa madigiri 20 pansi pa ziro, cha E pa madigiri 40 pansi pa ziro. Wojambula mapulani samwaza chitsulo chodulachi paliponse ayi. Amachiika ngati malamba pamalo osankhika, pomwe deki imakumana ndi mbali ya sitima, pokhota pansi, ndi pa ngodya za makomo. Lamba wa mariveti uja anabwerera, koma tsopano ali m'kati mwa chitsulo, maso sangamuone.

Kuno kwathu madzi a nyanja ya Malawi sazizira n'kufika pamenepo, choncho matenda amenewa sativutitsa. Koma pali matenda achiwiri osasankha nyanja, ndiwo kutopa kwa chitsulo. Mphamvu yoti singathyole chitsulo kamodzi ikamabwerezedwa kamamiliyoni, imakulitsa kamng'alu pang'onopang'ono, funde lililonse n'kuwonjezerapo kadontho kosaoneka. Ndipo malo amene kamayambira amadziwika: m'mphepete mwa msoko, pomwe chitsulo chosungunula chinakumana ndi puleti. Pamenepo pamatsala tizipsera tosakwana theka la milimita ngakhale wowotcherera akhale katswiri wotani. Kunena mosabisa, msoko uliwonse umabadwa uli ndi mng'alu kale.

Phunziro limeneli dziko la Norway linaligula ndi miyoyo. Alexander L. Kielland inali nsanja yoyandama ya miyendo isanu, yomangidwa ku Dunkirk m'dziko la France mu 1976, ndipo inkagwira ntchito ngati nyumba yogona anthu okumba mafuta ku Ekofisk, m'nyanja ya North Sea. Madzulo a pa 27 March 1980 kuli namondwe, mwendo umodzi unazuka. Nsanja inapendekeka, n'kutsala itagwidwa ndi chingwe chimodzi cha nangula, ndipo patatha mphindi pafupifupi 20 inagadabuzika. Mwa anthu 212, anafa ndi 123. Ofufuza, mmodzi wa iwo Torgeir Moan wa ku Trondheim, anatsata mng'alu chobwerera mpaka pamene unayambira. Pa mtanda wina wachitsulo wolumikiza miyendo, paipi yaikulu mamita 2.6, omanga anaboola n'kulowetsapo kapaipi kogwira chipangizo chomvera phokoso m'madzi. Anakamata ndi msoko wa mamilimita 6. Popeza kanali kachipangizo chabe, palibe amene anakawerengera ngati mbali ya mafupa a nsanjayo. M'kati mwa mng'alu anapezamo penti, umboni wakuti unalipo kale tsiku limene nsanjayo inkapakidwa utoto kufakitale. Unadya mtandawo mwakachetechete zaka zochepa zokha, ndipo utaduka, mitanda ina isanu yogwira mwendo womwewo inalemedwa n'kuduka motsatizana.

Taonani mmene funso la wojambula mapulani linasinthira kuchokera pamenepo. Kale ankafunsa ngati mtanda uliwonse ungapirire funde lalikulu. Tsopano malamulo a ku Norway, ndipo kenako a mayiko ena, amamuuza kuti achotse mtanda umodzi m'masamu ake, ayerekeze kuti waduka kapena wagundidwa ndi sitima, ndipo aonetse kuti nsanja idzaimabe mpaka anthu atathawa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Apa mawuwo analowa m'buku la malamulo. Komanso kanthu kalikonse komatidwa pa chitsulo chachikulu, kaya ndi kogwirira makwerero, kamawerengedwa. Ofufuza, makamaka a ku Welding Institute kufupi ndi Cambridge, anathyola misoko yambirimbiri m'makina okoka ndi kutaya, n'kuigawa m'magulu malinga ndi kaumbidwe kake. Anapeza lamulo lokoma kwambiri: pa msoko, ukachepetsa mphamvu ndi theka, moyo wake umawirikiza kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake katswiri amatha tsiku lathunthu akusema pa pepala mchira wa kachitsulo kochirikiza kuti uthere mopyapyala, mofewa. Kumeta mphamvu pang'ono chabe pamenepo kumagula zaka.

Makompyuta anathandiza kwambiri, sindikana. Lero sitima yonse amaigawa m'tizidutswa mamiliyoni, kompyuta n'kuwerengera chilichonse, ndipo malo oopsa amaoneka ofiira pa sikirini chitsulo chisanadulidwe n'komwe. Koma ndimadandaula ndikaona achinyamata akukhulupirira mitundu ya pa sikirini ngati uthenga wochokera kumwamba. Pa 23 August 1991, maziko a konkire a nsanja ya Sleipner A, okhala ndi zipinda 24, ankayesedwa pomizidwa pang'onopang'ono ku Gandsfjorden kufupi ndi Stavanger. Khoma lina linang'aluka, madzi analowa kuposa mmene mapampu akanapopera, ndipo chimango chonsecho chinamira n'kukamenya pansi mwamphamvu moti makina oyezera zivomerezi analemba 3.0. Mwamwayi palibe anafa. Chifukwa chake chinali chakuti tizidutswa ta m'kompyuta tinajambulidwa molakwika pa mphambano ya makoma atatu, ndipo yankho linachepetsa mphamvu yeniyeni ndi 47 peresenti. Masamu a pensulo a tsamba limodzi akanaulula bodzalo. Panalinso pa ngodya.

Nkhani yaposachedwa ndi ya sitima zonyamula makontena, zomwe zina zimatula katundu wathu ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Zazikulu kwambiri zafika mamita 400 ndipo zimanyamula makontena oposa 20,000. Kuti makontena alowe mowongoka, pafupifupi deki yonse ndi khomo. Chotsala ndi kanjira kopapatiza mbali iyi ndi iyo, ndi mpanda wachitsulo wozungulira makomowo, ndipo mphamvu yonse yokoka imadutsa mmenemo. Yankho linali kuchindikalitsa: mamilimita 60, 80, mpaka kuyandikira 100. Mavuto ena anaonekera pansi pa sitima. MSC Napoli inapindika msana mu English Channel mu January 2007, ndipo MOL Comfort, ya mamita 316, yazaka zisanu zokha, inaduka pawiri m'nyanja ya Indian mu June 2013, anthu onse 26 n'kupulumuka. Kafukufuku anaonetsa kuti mutu wa sitima ukamenya funde, thupi lonse limanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumawonjezera pa kupindika kwa masiku onse. Malamulo atsopano a bungwe la IACS, logwirizanitsa mabungwe oyendera sitima, anayamba kugwira ntchito mu 2016.

Koma mbali imene ndimaigomera kwambiri ndi imene inakonzedwa tsoka lisanachitike. Akatswiri a ku Japan anali ndi chikhulupiriro chochokera ku mayeso akale chakuti mng'alu woyamba mu msoko umapatuka wokha n'kulowa m'puleti, kumene umafooka n'kuima. M'zaka za m'ma 2000 anaganiza zoyesanso, ulendo uno ndi mapuleti ochindikala a sitima za makontena. Anawotcherera zitsulo zikuluzikulu, n'kuziziziritsa, n'kuzikoka ndi makina a matani masauzande, kenako n'kukhoma mphero m'mphepete kuti mng'alu uyambe. Sunapatuke. Unatsata msoko mowongoka kuyambira uku mpaka uko. Madzi saiwala khwawa: matenda a Schenectady anali atabwerera patatha zaka 60, atabisala m'kuchindikala kwa chitsulo.

Palibe sitima imene inadikiridwa kuti ithyoke kaye. Sitima za makontena zopanganidwa kuyambira 2014 zimatsata lamulo lapadera pa mapuleti opitirira mamilimita 50. Misoko yolumikiza zigawo zikuluzikulu za sitima amaiunika ndi makina otumiza kamawu kosamveka m'chitsulo, komwe kamabwerera kakakumana ndi chilema. Njira imodzi yovomerezeka ndi yakuti msoko wa pa mpanda wa khomo usalunjikane ndi msoko wa pa deki. Azisemphana mamilimita osachepera 300, kuti mng'alu wotsika ndi msoko woyambawo ukagunde chitsulo chathunthu. Ndipo chitsulo chimene ukagundecho ndi cha mtundu watsopano, chopsinjidwa ndi kuziziritsidwa mosamala kufakitale kuti timibulu take tikhale tating'ono kwambiri, choyesedwa pa madigiri 10 pansi pa ziro kuti chimagwira mng'alu wothamanga n'kuuimitsa. Pena amaboola dala chibowo chobulungira pa njira ya msoko, kuti nsonga yakuthwa ikafika ipeze malo osalala n'kutha mphamvu. Kuboola chitsulo kuti chilimbe! Inglis akanamwetulira.

Zonsezi zimakathera m'manja mwa munthu mmodzi amene dzina lake sililembedwa pa mapulani. Msoko wa pamalo oopsa ukazizira, amabwera mmisiri ndi makina opalira a kamutu kakang'ono kozungulira. Sapala msoko wonse ayi, amatsata m'mphepete mokha, pomwe pamabisala tizipsera tija. Ayenera kulowa pafupifupi theka la milimita kupitirira chipsera chomaliza chooneka, asapitirire n'kuondetsa puleti, ndipo kangalande kamene wasiya kazikhala kosalala. Ngakhale timizere ta makinawo tili ndi lamulo: tizigona motsata kumene mphamvu imayenda, chifukwa tikapingasa, tokha timasanduka poyambira ming'alu. Amagwira ntchitoyi atagwada, nthawi zina atagona chagada m'thanki ya pansi pa sitima, tochi ili pamphumi. Akamaliza, woyendera amaunikapo n'kupapasa ndi chala. Ntchitoyo ikavomerezedwa, malamulo amalola wojambula mapulani kuwerengera kuti moyo wa msoko umenewo wawirikiza kawiri.